Ufa wa Tiwale

Lachiwiri, 18 Novembro

Kutentha. Nyanja ya Amaramba yathawa mabango. Purova ya masamu yatha, mayesowo sanandivute.

Azakhali a Conceição atumiza mawu kuchokera ku Cuamba: malo ogona alipo, ndikakhoza desima, kalasi yakhumi, ndikapitirize sukulu kumeneko. Amayi sanayankhe. Akatero ndiye kuti sakufuna. A malume Talandira akuti tikafunsa ku kachisi Loweruka, tsiku la nsembe ya mvula. Adzathira kamulu ka ufa ka ine padera. Kakagona chilili mpaka m'mawa, ndipita. Kakagumuka, ndikhala, ndigwire ukonde ngati ena onse.

Lachinayi, 20 Novembro

Alendo awiri a ku Nampula, dona Vanda ndi Alberto wa makamera. Amayenda m'midzi kujambula miyambo kuti anthu aziona pa foni, azibwera kudzacheza. Purofesora, mphunzitsi wathu, wasankha ine womasulira. Akuti pakuti ndilibe anzanga ondisokoneza.

A malume awafotokozera za Tiwale, mzimu wa kachisi wathu. Chaka cha chilala anakumba patsinde pa mtengo wa msolo pamene pali kachisi lero, madzi anatuluka, mudzi unapulumuka. Kenako analowa m'mabango ndi mtsuko wake, sanabwererenso. Nsembe yake ndi ufa wa mapira wokha, chifukwa masiku ake kunalibe chimanga. "Tiwale sachidziwa chimanga," anatero.

Dona Vanda anafunsa ngati anali mfumukazi. A malume anati ayi, anali mayi wotunga madzi basi. Pa kamera dona Vanda ananenabe kuti mfumukazi. Sindinawamasulire a malume.

Lachisanu

Azimayi akusinja mapira kwa a malume. Amayi sanapiteko. Chibatizidwire ku Malawi, nthawi yothawa nkhondo, sanapondeko ku kachisi. Apalira chinangwa tsiku lonse. Andifunsa ngati ku Cuamba kuli wondichapira. Ndati ndimachapa ndekha. Ati akudziwa.

Loweruka, 22 Novembro

Nsembe inayenda bwino. Nsapato kuvula, nsalu zakuda, kuwomba m'manja chogwada. Ufa wa mudzi m'kati mwa kachisi. Kamulu kanga panja, pakhomo, kosongoka bwino, kofiirira.

Anthu atapita kubwalo kukavina, Alberto anafuna kujambula msolo kuchokera pamwamba. Ali ndi kandege kokhala ndi kamera. Anandifunsa ngati n'kololedwa. Ndinati eya. Sindinafunse munthu. Ndinkafuna kukaona kakuuluka.

Potera kanatsikira pakhomo penipeni. Mphepo yake. Ufa wonse fumbi, wina pa miyendo yanga. Alberto anapepesa, anati tingouwunjikanso, ndani adziwe. Ndinakana. Dzanja langa silingathire nsembe ya ine mwini. Alendowo apita madzulo ano pa chapa, minibasi ya ku Insaca. Akuti kanema adzakhala wokongola.

Amayi anaona miyendo. Ndinawauza zonse. Anangoti, "Ndiye mbuzi zanga zapeza mbusa." Sindinadye.

Lamulungu, 23 Novembro

Tinapita dzuwa likutuluka, ine kumbuyo kwa a malume ndi akulu awiri. Mawu owauza ndinali nditakonza kale.

Kamulu kali chilili. Kosongoka kuposa ka dzulo. Koyera mbee. Ufa wa chimanga, wa kuchigayo.

Palibe sanaone. Akulu aja anayang'anana, wina anatsokomola. A malume anagwada, anatsina pang'ono, anafikisa pa zala. Nthawi yaitali. Kenako anayang'ana pansi: mapazi opanda nsapato, aang'ono, chala chachikulu chakumanzere chopindika. Mapazi a amayi. Mlongo wawo amamudziwa.

"Ngati munthu uja wafika mpaka pano navula nsapato, Tiwale aphunzira chimanga," anatero. Anawomba m'manja. Akulu anawomba nawo, mmodzi monyinyirika.

Kunyumba ndinapeza amayi atapita kale ku misa. Chitini cha ufa chosatseka bwino.

Lolemba, 24 Novembro

Mvula sinabwerebe. Mitambo yokha cha ku Entre Lagos. Mkulu wonyinyirika uja akuti ikachedwa tidziwa chifukwa chake.

Purova ya Chipwitikizi mawa. Ndiyenera kukhoza tsopano.

Ine ndi amayi sitinakambepo. Ndinayesa masana, ndinangoti "Amayi," iwo anati ndikamwetse mbuzi. Pobwerera ndawapeza atatulutsa chikwama chimene anabwera nacho kuchokera ku Malawi. Akusoka chogwirira chake. Ulusi unawavuta kulowetsa pa singano, anandipatsa ndiwalowetsere, osandiyang'ana.