Kamtengo ka Agogo Ako

Mwana wanga Kyaw Zin,

Ndikhulupirira uli bwino ku Mandalay. Ife tadzuka, kungoti bondo la mayi ako likuvutabe. Akutumizira ngapi, nsomba zosinja zamchere zija. Ndinawaletsa koma sanandimvere.

Utabwera pachikondwerero cha madzi unandipempha kuti ndikuphunzitse kuitana adolofini. Ndinasangalala ngati mwana, mpaka kuuza mudzi wonse kuti mwana wa Tin Hla wakumbuka mtsinje. Ndinatsitsa kamtengo ka agogo ako kudenga, n'kukuonetsa kagogodedwe kathu m'mbali mwa bwato. Unaona wekha akubwera, kutikusira nsomba, n'kukweza mchira kuti tiponye ukonde.

Lachiwiri tinapeza dolofini wathu Wachipsera pamchenga atafa, kamwana kake kakuzungulira pafupi. Zaka makumi awiri wakhala akundikusira nsomba ameneyu. Mnofu uli m'thupi mwakowo ndi thukuta lake.

U Ba Sein woolotsa anthu uja anandiuza, maso ali pansi, kuti usiku wapitawo anamva kugogoda kwa banja lathu n'kuyesa ndine. Atayandikira anapeza bwato la opha nsomba ndi batire, iwe uli kutsogolo. Akuti adolofini atangosonkhanitsa nsomba, anzako anamiza mawaya a magetsi m'madzi.

Ndinamulalatira kuti maso ake anatha kalekale. Kufika kunyumba, kupisa dzanja kudenga, kamtengo palibe.

Wandipusitsa, mwana wanga, ndipo zikundiwawa. Ukanaba ukonde ndikanati ndi njala. Koma iwe unakhala pambali panga, ukumwetulira, n'kumati ndibwerezenso kuti umvetse bwino.

Chigawo chathu chino adolofini atsala asanu ndi awiri okha. Ndagogoda ndi chikhatho masiku anayi. Amatumphukira patali, kupuma, n'kutembenuka. Sindikuwadzudzula ayi.

Oyang'anira zausodzi abwera Lolemba kudzafunsa. Mayi ako akuti ndikanene kuti sindikudziwa kanthu, ati chibale n'fupa sichiola. Ndawayankha kuti ndikatseka pakamwa, kamtengoko kaitananso otsalawo tsiku lomwe aiwale mantha.

Bwera Lolemba lisanafike, kamtengo kali m'manja. Ukanene wekha, ine ndidzaima pambali pako. Ukapanda kubwera ndidzatchula dzina lako ndekha. Ndinakupatsa ndine, sindingalilakwitse.

Upereke moni kwa mpongozi wanga Ma Thida. Ndimakupemphererabe kukachisi m'mawa uliwonse, ngakhale pakamwa pamalema.

Bambo ako,
Tin Hla