Msoko wa pa phiko lakumanzere

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko? Kuno tilipo, ngakhale chiperoni chatikhalira sabata yathunthu, zovala sizikuuma.

Achemwali a Feliya achira, ndi mwana wamkazi. Chipumi ndi chanu chenicheni. Nandolo chaka chino wabereka, koma chinangwa cha kumtunda tagawana ndi anyani. Makina anu osokera ndikuwathirabe mafuta. Lamba yekha ndiye anaduka, ndalumikiza ndi waya.

Nkhani yaikulu ndi yoti a Kaputeni Muheya akutsatirani mwezi wathawu. Mukuwakumbuka, agogo aja ankathira feteleza m'minda ya tiyi ndi ndege, amene munkawasokera thumba loonetsa kolowera mphepo pabwalo la ndege la ku esiteti. Inu mutatisiya, thumba lomaliza ndinamaliza ndine. Nditakapereka analitembenuza, kuyang'ana msoko nthawi yaitali, kenaka anati, “Iwe, mawa ubwere ndi manja omwewa.” Ine ndinangoyang'ana pansi monga mukundidziwira.

M'shedi mwawo munali kandege kachikasu, kakale kuposa inu, mapiko ake okuta ndi nsalu. Sindinkadziwa kuti ndege imasokedwa ngati diresi. Anandiphunzitsa kukoka nsalu pa nthiti za phiko, kubaya singano yaitali ngati mkono wanga, ndi kumanga mfundo iliyonse payokha kuti ina ikaduka zinzake zigwire. Ndikalakwitsa sankakalipa. Ankangodula ulusi ndi kampeni kawo n'kunena kuti, “Mwana wanga, kumwamba kulibe siteji yoti titsikepo tikonze.” Sanandifunsepo kuti sukulu ndinalekeza kalasi yanji.

Anamwalira phiko lakumanzere tili nalo pakati.

Pamaliro panabwera anzawo okonda ndege zakale, ena a ku Blantyre, ena akunja. Anagwirizana kuti Loweruka lotsatira kandegeko kadzauluke pamwamba pa manda powatsanzika. Bambo wina wamtali, nayenso woyendetsa ndege, atalowa m'shedi anayang'ana phikolo n'kunena kuti pamene patsalapo angomata ndi guluu, poti ulendo wake ndi waufupi. Onse anavomera.

Amayi, ndikanayamba bwanji kuwatsutsa? Ine amene ndimapitirira pa Chitakale chifukwa choopa kuuza kondakitala kuti nditsika. Koma ndinakumbuka mawu anu aja, oti telala wothamangira tsiku la ukwati amavula mkwatibwi pakhomo la tchalitchi. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu: “Pepani bwana, siuluka. Nsaluyo ikamatuka m'mwamba.”

Bamboyo anafunsa kuti ndine ndani. Ndinati ndine wosoka. Anafunsa kuti ndikufuna masiku angati. Ndinati asanu ndi anayi, ndi kupaka mankhwala olimbitsa nsalu komwe. Anaseka nati, “Ndiye kuti malemu adikire telala?” Komabe anagwada, n'kuyendetsa chala pa mfundo zanga, imodziimodzi, mpaka pamene ndinalekezera. Atadzuka sanasekenso. Anauza anzake kuti asinthe tsiku.

Ndinasoka mpaka zala kutupa. Tsiku litakwana, bamboyo anandiveka chipewa cha a Kaputeni, akuti mwambo wawo ndi woti wosoka phiko amakwera nawo ulendo woyamba. Ndinakwera. Tinazungulira manda katatu. Mpaka lero anthu akundifunsa kuti phiri limaoneka bwanji ukakhala m'mwamba, kaya minda ya tiyi, kaya denga lathu. Sindikudziwa, Amayi. Ulendo wonse maso anga anali pa msoko. Palibe mfundo ndi imodzi yomwe imene inasuntha.

Tsopano akuti ku Blantyre kuli ndege zina ziwiri zofuna nsalu yatsopano, ndipo odziwa kusoka kotere akusowa. Andiitana. Achemwali akuti ndikasochera m'tauni, ndipo mwina ndikasocheradi. Koma ndavomera. Ndinyamuka tikamaliza kupuntha nandolo.

Mukakumana ndi a Kaputeni muwapatse moni, muwauze kuti phiko lawo linatha bwino. Inu ndikukulonjezani ichi: kumene ndikupitako, wina akadzati tingomata, ndidzakana ndikumuyang'ana m'maso, osati pansi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati