Ndabwerera Kuphiri, Achemwali

17 Julaye

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa alamu anga ndi ana onse kumeneko. Ife kuno tili bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwatilowa mpaka m'mafupa. M'mawa nkhungu imatsika m'phiri n'kukuta nyumba zonse, moti ngakhale khola la mbuzi sitiliona mpaka dzuwa litakwera.

Kalata yanu ndinalandira ndipo ndaiwerenga katatu. Mwandipezera ntchito yaulonda pageti la sukulu yomwe alamu amaphunzitsa, mwandikonzeranso chipinda chakuseri, ndipo mwati ndifike mwezi uno ukatha. Ndikudziwa kuti ntchitoyi simunaitole panjira. Mwayenda, mwagogoda m'maofesi, mwina mwagwadira anthu chifukwa cha ine. N'chifukwa chake ndachedwa kuyankha.

Achemwali, ndakhala ndikukunamizani. Pafoni ndimakuuzani kuti ndimangoyenda kuchoka pakhonde kukafika kumsewu. Zoona zake n'zakuti kuyambira mu Epulo ndakhala ndikukwera phiri.

Musakwiye msanga, tamvani kaye. Chigwereni pathanthwe paja chaka chatha, adokotala n'kundiika zitsulo m'ntchafu, ndinakhala pakhonde miyezi isanu ndi iwiri. Anzanga operekeza alendo amadutsa pamsewu m'mawa uliwonse, zikwama kumsana, alendo ali pambuyo, n'kumandibayibitsa. Ine ndaperekeza anthu m'phiri limeneli zaka pafupifupi makumi awiri. Ndikudziwa pomwe pali kasupe wosaphwa, pomwe anyani amagona, ndi mwala womwe umaterera ukangonyowa pang'ono. Zonsezo zimangowola m'mutu mwanga, ine ndili pampando, bulangete lili pamiyendo ngati nkhalamba.

Tsiku lina ndinatenga ndodo n'kuuza mlamu wanu, mayi a ana angawa, kuti ndikukacheza kwa akalipentala. Ndinafika pamlatho wamatabwa basi, mwendo n'kuyamba kunjenjemera. Patatha sabata ndinafika m'nkhalango ya paini. Kenaka ndinafika kudamu kuja anthu amawedza ndi kusambira. Tsiku lomwe ndinamva mkokomo wa mathithi ndinakhala pansi n'kulira, ndipo ndinathokoza kuti panalibe wondiona.

Mu Meyi ndinapita kuofesi ya gulu lathu la operekeza alendo. Wapampando ndi uja timamutcha a Wezulo, chifukwa wezulo sichoka m'khosi mwawo ngakhale akudya. Anandiyang'ana kuyambira kujombo mpaka kumutu.

"Achimwene, si kuti ndikukukanani," anatero. "Koma mlendo akakomoka kumwamba kuja, mudzamunyamula ndi mwendo uti? Mukwere kunsonga ine ndikuona, tinyamuke sikisi m'mawa, tikhale titabwerera pano faifi isanakwane. Mukatero dzina lanu libwerera pabolodi."

Ndinavomera, tsiku n'kupangana.

Koma panali chinthu chomwe sindinauze munthu. Kuti ufike kunsonga umadutsa pomwe ndinagwera paja. Inu simunafikepo. Ndi kanjira kopapatiza pathanthwe, kotalika ngati kuchoka pakhomo pathu kufika kuchitsime. Kumanzere kuli waya wogwirako, kumanja kuli phompho. Ndinapita katatu ndekha kukayesa, ndipo katatu konse ndinabwerera. Mwendo sunali kupweteka ayi. Ndimati ndikaponda phazi loyamba, thukuta limatuluka m'manja, ndipo m'makutu ndimamvanso phokoso lija la fupa likuthyoka.

Ulendo wachinayi ndinakhala pamwala pafupi ndi waya uja, mutu uli m'manja, pamene ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Ndiye kwa akalipentala kwake n'kuno?"

Anali mlamu wanu, akupumira m'mwamba, mpango uli m'manja, kumapazi atavala nsapato zakale za mwana wathu wamkulu.

"Mwanditsata bwanji?" ndinafunsa.

"Abambo, jombo zanu ndimatsuka ndine. Kwa akalipentala kuli utuchi, kulibe matope ofiira. Ndadziwa kalekale, ndimangodikira kuti mundiuze nokha."

Kenaka ndinamuuza zonse, za a Wezulo, za kalata yanu, ndi za mantha anga. Ndinati mwina achemwali akunena zoona, ndipite ndikatsegule geti la ana asukulu.

Mukumudziwa mlamu wanu. Ndi munthu woti ngakhale kukwera pampando kuti atsitse poto pashelefu amaitana ine. Anayang'ana phompho lija kamodzi, n'kumanga mpango wake molimba. Anagwira waya ndi manja onse awiri, nkhope n'kuloza kuthanthwe, n'kuyamba kusuntha cham'mbali pang'onopang'ono.

"Amayi, bwererani!" ndinakuwa.

"Khalani chete, mukundisokoneza!"

Anawoloka, Achemwali, akupemphera mokweza ndi kundinyoza nthawi imodzi. Atafika tsidya linalo anakhala pansi, n'kuyamba kulira ngati mwana.

"Ine pano sindibwereranso ndekha," anatero. "Miyendo yafa. Kaya mundisiya ndigone konkuno, kaya mubwera kudzanditenga, zili kwa inu."

Sanali kuseka ayi, milomo inali itauma ndi mantha. Ndinakoleka ndodo kuchikwama n'kugwira waya. Sindikumbuka kuti ndinaponda pati. Ndimangoyang'ana iye, n'kumamulankhula monga ndimalankhulira alendo amantha: musayang'ane pansi, ndikubwera, pumani bwino. Pobwerera ndinamutsogolera phazi ndi phazi, dzanja lake litandikanikiza paphewa mpaka zikhadabo kundilowa. Titatsika anandiuza kuti ndikadzamunamizanso adzaponya jombo zanga m'damu.

Tsiku la mayeso linali Loweruka, masabata awiri apitawo. Pokwera ndinayenda bwino, moti a Wezulo ndi amene amapempha kuti tipume. Pathanthwe paja mtima unagunda, koma ndinadutsa. Tinafika kunsonga itangokwana leveni, mitambo ili pansi pathu. Itang'ambika, mudzi wathu unaoneka ngati timabokosi ta machesi, damu likunyezimira, msewu utapindikapindika mpaka kuchigwa. Tinamwa tiyi wa m'fulasiki.

Kutsika ndiye kunandigonjetsa. Phazi lililonse limandibaya m'ntchafu ngati msomali. Kuyambira m'nkhalango ya paini ndimayenda mapazi makumi awiri n'kuima. A Wezulo anafuna kundinyamulira chikwama, ndinakana. Tinalowa muofesi wotchi yapakhoma ikunena kuti mphindi makumi anayi zapitirira pa faifi.

"Kunsonga ayi," anatero a Wezulo osandiyang'ana kumaso. "Sindingakunamizeni. Koma njira zam'munsi, kumathithi, kuphanga ndi kudamu, zimenezo tengani. Za kunsonga tidzayesenso mu Seputembala."

Ndinatuluka osatsanzika. Njira zam'munsi timapatsa ongoyamba kumene, ndipo ine ndi amene ndinaphunzitsa theka la gululo kumanga chingwe. Masiku awiri sindinadye bwino. Tsiku lachitatu ndinapita kukapepesa a Wezulo, ndipo dzina langa analilemba ndi choko pansi penipeni pa bolodi.

Lachinayi lotsatira ndinalandira alendo anga oyamba, amayi awiri apachibale, anamwino opuma pantchito. Ndinawauziratu kuti ine ndimayenda pang'onopang'ono.

"Ndiye mwatipeza," anatero wamkuluyo. "Chaka chatha wina anathamanga nafe ngati tikuthawa mvula. Sitinaone kanthu, koma zidendene zake."

Tinayenda tsiku lonse. Ndinawaonetsa kadzidzi yemwe amagona pamphanda ya mtengo pafupi ndi mlatho, maluwa ang'onoang'ono omera pamiyala yonyowa, ndi mileme ya m'phanga. Ndinawalowetsa kuseri kwa mathithi, pomwe umaima osanyowa madzi akugwa patsogolo pako ngati katani. Wamng'onoyo anaimba nyimbo kumeneko kuti amve mawu ake akubwerera. Potsanzikana wamkulu uja anandiyang'ana mayendedwe n'kunena kuti ndodo yanga yafupika, ikundipendeketsa chiuno. Akalipentala andisemera ina, ndipo ulendo uno ndinapitadi kwa iwo.

Choncho Achemwali, kugeti kuja sindibwera. Ndikudziwa kuti mwendowu sudzakhalanso ngati kale, ndipo mwina mu Seputembala ndidzalepheranso. Ndikalephera ndidzapempha tsiku lina. Pakadali pano m'mawa uliwonse ndikumatsika ndi kukwera chitunda cha kuseri kwa tchalitchi kasanu, chikwama chodzaza miyala chili kumsana, kuti mwendo uzolowere kutsetsereka. Adokotala ndawauza zonse. Anapukusa mutu, koma anandionetsa momangira bondo.

Ndili ndi mapempho awiri. Loyamba, mundipepesere kwa alamu anga. Ndidzawalembera ndekha, koma muyambe ndinu kuwafewetsa mtima, ndipo ntchitoyo apatse wina amene akuifunadi. Lachiwiri, mukapeza bandeji yotanuka ija yomanga pabondo, munditumizire ziwiri. Kuno kusitolo kulibe.

Mlamu wanu akupereka moni, akuti musamuimbe mlandu, iye anayesetsa. Ana akuti azakhali abwere tchuthi chikubwerachi. Moni kwa alamu ndi kwa adzukulu anga onse, aliyense payekha.

Moni womaliza ndi wanu. Masabata asanu ndi limodzi munagona pansi pa simenti pambali pa bedi langa kuchipatala, mukundisambitsa ndi kunditembenuza ngati khanda, ntchito yanu mutaisiya. Inu ndi amene munaona mwendowu uli wotseguka, ndiye mantha anu sindingawatsutse. Ngati mwakwiya, kwiyani, muli ndi chifukwa. Koma musakhale chete. Ndilembereni ngakhale mizere iwiri yondikalipira, ndidzaiwerenga mokondwa.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Chitsirizira cha amayi