Batani Limene Ababa Sanalisiye

Area 2, Lilongwe
14 Ogasiti 2023

Okondedwa achimwene Bashir,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tonse tilipo, kungoti manja a ababa akunjenjemerabe. Khalani pansi kaye, chifukwa nkhani ndili nayoyi ikundiyabwa pakamwa.

Ndiyambe ndi kuulula. Chichokereni inu, bokosi lanu la zida silinagwirepo fumbi. Ababa akapita kumzikiti ndimakonza mawailesi amene iwo anati ndiwabwezere eni ake poti "mmisiri ali ku Joni". Mukuwadziwa, kwa iwo mwana wamkazi ntchito yake ndi kulandira makasitomala. Mwezi watha anayamba kunena zotseka shopu mpaka inu mudzabwere, ndipo zinandipweteka kwambiri.

Ndiye Lolemba lapitali kunabwera a Gladson a ku Area 43. Agula boti la injini loti lizikanyamula anthu ku Senga Bay, ndipo amafuna ababa akawaikire wailesi ya panyanja, yoitanira thandizo mwera ukavuta. Ababa kunalibe. Pakamwa panga panathamanga: "Tibwera mawa."

Mawa lake ndinapita ndekha. Boti, achimwene, pakati pa Lilongwe! Lili pangolo pansi pa mtengo wa mapeyala, nkhuku zikupalasa kunsi kwake. A Gladson anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato. "Nanga madala akubwera nthawi yanji?" Ndinati, "Andituma ndiziyamba." Mulungu andikhululukire.

Kabuku ka malangizo a wailesiyo ndinakawerenga katatu. Mlongoti wake ndinaumangira pamwamba penipeni pa boti, chifukwa ukakwera m'pamene mawu amafika kutali. Waya wofiira ndinaudutsitsa pa fyuzi kupita kubatire, ndipo polumikizira ponse ndinamata kuti madzi asadzalowe. A Gladson anafuna kudina batani loyankhulira mlongoti ndisanaulumikize, ine n'kuwagwira dzanja ngati mwana. "Ipsa bwana!" Ndinawauzanso kuti tchanelo 16 ndi yoitanirana ndi ya ngozi, si yofunsira mtengo wa chambo.

Lachitatu, osandiuza, a Gladson anatuma dalaivala kukatenga ababa kuti adzaone ntchito "yawo". Anandipeza ndili m'boti, sikuludiraiva kukamwa. Ababa anangoyendera mawaya onse ndi maso.

Poyesa pamafunika munthu apite patali ndi kawailesi kam'manja. A Gladson anakapereka kwa ababa. Ndinati, "Ababa, mukamayankhula muzidina apa, mukatha muzisiya kuti mundimve." Anandidula: "Mawailesi ndinayamba iwe usanabadwe." Galimoto inanyamuka kulowera ku Area 18.

Isanatuluke n'komwe pageti, wailesi ya m'boti inayamba kuyankhula. Poopa kuti kawailesiko kangawapulumuke ndi kunjenjemera kuja, ababa anakafumbata mwamphamvu, chala chili pabatani, osadziwa. Tinamva zonse.

"A dalaivala, mwaona mmene wamatira mawaya aja? Ine sindinamuphunzitse ayi, amangoonera chapakona. Manja amenewo ndi anga, a kale aja. Ndinkadikira wa kutali, wina ali pakhomo pomwepa."

Ananenanso zina zokhudza inu ndi wailesi ya kasitomala wathu a Kulusumu imene munaiwotcha ija, koma zimenezo sindilemba. Ine misozi chuchuchu, a Gladson akufa ndi phwete. Kuyankha sindikanatha, poti batani linali lodinidwabe. Mpaka tinaimbira foni dalaivala.

Ababa anasiya batani, kenako analidinanso: "Rahima, ukundimva?"

"Ndikukumvani bwinobwino, ababa. Ndayamba kukumvani muli pageti."

"Basi wamva. Sindibwereza."

Achimwene, sindinasangalalepo chonchi! Loweruka ndikupita ku Senga Bay kukaphunzitsa oyendetsa botilo kagwiritsidwe kake, ine amene sindinalowepo m'madzi opitirira m'mawondo. Mundipempherere. Wina akamabwera kuno munditumizireko chowotchera mtovu chatsopano, chanu chija ndachimaliza.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala juzi. Ababa nawo akupereka moni. Ndinawafunsa ngati pali uthenga wina, anati ndikuuzeni kuti mugwire ntchito mtima uli m'malo, musathamangire kubwera chifukwa cha shopu. Atatero anatulutsa makiyi m'thumba la mkanjo wawo, n'kuwasiya pafupi ndi pepala lino.

Ndine mlongo wanu,
Rahima