Nsalu ya Lines pa Kaliyala

Kwa Nsaru,
14 Juni, 1956.

Okondedwa achimwene a Gregory,

Ndayamba ndi kufunsa moyo wanu pamodzi ndi alamu kumeneko ku Halale. Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima ndiye ayi.

Mwezi watha akuchikazi anandisudzula. Anandimeta, nandiuza kuti maliro a mkazi wanga Enelesi atha, ndine womasuka kubwerera kwathu ku Mpingu. Njinga yanga, makasu awiri ndi bulangete anandipatsa popanda mkangano. Koma amalume ake a malemu ananena mosabisa kuti mwana wathu Lines ndi wa pamudzi pano, mkamwini sachoka ndi mwana.

Mwambowo ndikuudziwa, achimwene. Nafenso atsibweni athu sakanalola.

Tsono ndikuululireni. Amayi ndinawalembera kuti njinga yathyoka sipoko, nchifukwa chake sindikufika. Linali bodza. Njingayo ndi yamoyo kuposa mwini wake.

Ndanyamukapo katatu. Ndimadzera kanjira kaja kapakati pa minda ya mtedza, kotsetsereka mpaka kudambo, kumene tinkadutsa ndi Enelesi popita kumsika. Iye ankakhala pa kaliyala n'kumandinena kuti ndimapalasa ngati ndikuthawa msonkho. Masiku ano njirayo ili zii, umangomva tcheni ndi njiwa. Ndikafika pa mtengo wowolokera mtsinje ndimaleka kupalasa. Ndimatsika, kuima pang'ono, kenaka n'kutembenuza njinga.

Anthu ayamba kundiseka. Akuti mkamwini wosudzulidwa akudikiranji, kapena akufuna Ester, mng'ono wa malemu. Munda umene ndinkalima aupereka kale kwa wina. Ndimadya ngati mlendo m'nyumba imene ndinafolera ndekha. Kukhala kukundichititsa manyazi, kuchoka kukundikanika.

Lines ali ndi zaka zisanu tsopano. Palibe anamuuza kanthu, koma m'mawa uliwonse amapinda kansalu ka amayi ake n'kukamangirira pa kaliyala, monga ankachitira malemu kuti zitsulo zisamawapweteke. Dzulo ndinamufunsa chifukwa chake. Anandiyankha kuti akufuna ndikamapita ndipeze malo ake ali okonzeka.

Inu ndinu munali nkhoswe ya ukwati wanga, ndipo anthu a kuno amakumverani. Chonde pemphani tchuthi mubwere mvula isanagwe, mudzagwade nane pamaso pa amalume a malemu aja. Sindikuti mwana asiye mtundu wake. Andibwereke chabe, akule ndikumuona, ndizibwera naye kuno nthawi yokolola iliyonse. Akakana ndili ndi inu, mwina ndidzatha kuwoloka mtsinje uja. Ndekha ndalephera.

Amayi musawauze za sipoko zija.

Mundiperekere moni kwa alamu a Elizabeti ndi ana onse. Mulungu akusungeni pa ntchito yanu. Mukamabwera mudzatsike basi pa Namitete, ndidzakuchingamirani ndi njinga. Koma mudzakhala pa chitsulo chakutsogolo, pakuti nsalu ili pa kaliyalayo ine sindingaimasule.

Ndine mng'ono wanu,
Yakobo.