Munthu Sajambulidwa Asanakonzeke

Mlongo wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe, alamu ndi ana. Chifuwa cha kamtsikana kako chija chinaleka? Ife kuno tadzuka. Anthu odzapepesa atha tsopano, mipando tabweza kwa eni ake, ndipo nyumba yangokula mwadzidzidzi.

Ndalemba pamanja ndipo ndikutumizira chithunzi chake pafoni, chifukwa pakamwa zandikanika. Uwerenge lero lomwe. Likadutsa Lachinayi, kalatayi idzakhala yopanda ntchito.

Ndi nkhani ya kamera ija unaikitsa m'chipinda cha abambo atadwala sitiroko, kuti uziwaona uli kutaliko. Inasiya kuonetsa kutatsala masiku khumi ndi limodzi kuti atisiye, ndipo ukukumbukira mmene tinalimbanirana nayo. Unati ndizimitse rauta ya intaneti, ndidikire pang'ono, ndiyatsenso. Ndinatero. Unati ndilembenso pasiwedi mosamala. Ndinalemba. Unati nditenge singano ndibaye kabowo kakumbuyo kwa kamerayo mpaka kagetsi kaphethire. Ndinabaya. Utandifunsa kuti kagetsiko kakuyaka mtundu wanji, ndinakuyankha kuti kofiira.

Mlongo wanga, panalibe kagetsi kalikonse. Pulagi ndinali nditazula ndine, kuseri kwa kabati ya zovala.

Usataye foni. Werenga kaye.

Abambo ukuwadziwa. Zaka makumi anayi mu situdiyo ija, sanajambulepo munthu kolala itapindika. Ankati munthu sajambulidwa asanakonzeke: umupatse chipeso, umuonetse kalilole, kenako uwerenge mpaka katatu. Poyamba kamera yakoyo ankangoiseka. Ankaitchula kuti diso la Injiniya, dzina lija anakupatsa utaphwasula wailesi yawo. Nditawafotokozera kuti zithunzi zake zimakasungidwa pa intaneti, kumalo kumene amati kumtambo, anati ndiye kuti iwo kumwamba akufika pang'onopang'ono, thupi lizitsatira pambuyo.

Miyendo itafookeratu, kuseka kunatha. M'mawa wina anadziipitsira pabedi. Ndili mkati mowasintha, unaimba foni kufunsa ngati ndikuwapaka mafuta kumsana, poti unaona pena pakusupuka. Unafunsa chifukwa cha chikondi, ndikudziwa. Koma abambo anamva mawu ako. Anatembenukira kukhoma, ndipo tsiku lonselo chakudya sanachilawe. Madzulo anandifunsa ngati diso limenelo silinaphunzitsidwe kuwerenga mpaka katatu.

Kutacha anaitanitsa jekete yawo yotuwa ija, chipeso ndi kalilole. Ndinawakhazika tsonga ndi mapilo atatu. Anandiuza nditsegule katani mbali yakumanzere yokha kuti kuwala kugwe bwino pankhope, ndipo tinabwereza kawiri asanakhutire. Kenako anandithamangitsa m'chipindamo. Ndili pakhomo ndinawamva akuwerenga okha, wani, thuu, firii, ndi lilime lawo lolemera lija. Analankhula ndi kamerayo kwa mphindi ngati khumi. Mawu sindinawamve bwino. Ndinangomva akukutchula, ndipo penapake anaseka.

Atamaliza anandiitana n'kundiuza kuti ndizule. Anati ndidzakuuze tikawaika m'manda, chifukwa ukadziwa msanga utumiza kamera ina sabata isanathe. Ndinawaona mmene analili mu jekete imene inali itawakulira, ndipo sindinathe kukana.

Mmisiri uja unamutuma kudzakonza kamerayo sanalakwe chilichonse. Pulagi anaipeza mphindi imodzi isanathe. Abambo anamugwira dzanja n'kumupempha kuti, monga munthu wa makamera mnzawo, aisiye choncho. Ndi chifukwa chake anakuuza kuti netiweki ya m'nyumba muno ndi yofooka. Dandaulo lija unalembera mabwana ake ulibweze, chonde.

Mlandu wanga waukulu ndi wa pambuyo pake. Tsiku la maliro, utalephera kubwera, unalira pafoni kuti kamera yopanda pakeyo yakubera masiku omaliza a abambo. Koma wakubayo ndinali ine. Tsiku lililonse ndinkati ndikuuza mawa. Mawa lakelo latha milungu iwiri.

Dzulo ndikulongedza katundu wawo ndinapeza katoni ya kamerayo, mkati muli kabuku ka malangizo. Ukudziwa matenda anga, ngakhale pepala la m'bokosi la mankhwala sindilisiya. Pa tsamba lomaliza, m'timalemba ting'onoting'ono, alemba kuti mtambowo umasunga zithunzi masiku makumi atatu okha, kenako zimafufutika zokha. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinawerenga masiku pakalendala katatu, ndipo katatu konse chala chinathera pa Lachinayi likubwerali.

Ine sindingathe kulowamo, zonse zili mufoni yako. Iwe wakhala ukufufuza masiku amene kamera sinajambule, pomwe chimene anakusiyira chili pa tsiku lomaliza limene inajambula. Yang'ana Lachiwiri lija inazima, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ukaona jekete yotuwa, ndi pomwepo. Usunge m'malo awiri kapena atatu, iwe ukudziwa bwino mmene amachitira.

Za masiku khumi ndi limodziwo sindingakubwezere. Ndingokuuza kuti sanavutike kwambiri, ankagona nthawi yaitali, ndipo kukhoma sanatembenukirenso. Ngati ukufuna kundikwiyira, uli ndi chifukwa, ndipo sindidziteteza. Koma uyambe Lachisanu.

Ndikupempha ziwiri zokha. Usanatsegule, upese tsitsi, uwongole kolala, ukhale pamalo owala. Iwo anakukonzekera. Ndipo ukaonera, ngati udzafunabe kulankhula nane, udzandiuzeko chimene chinawaseketsa. Kuyambira tsiku limenelo sindinawamvenso akuseka.

Upereke moni kwa alamu, ndipo ana uwakumbatire m'malo mwanga. Azakhali akuti uzidya, nkhope yako pafoni yaphwa. Mulungu akusunge ndipo akupepuze mtima.

Ndine mlongo wako,
Wamkulu