Tsamba la bambo a Princess pa kompyuta ya a Amin

Lolemba, 3 Ogasiti 2009

Amuna anga, bambo a Princess, sanabwerebe. Thiraki yawo yapezeka kupitirira Chipata, makiyi ali momwemo, eni ake mulibe. Foni yozima. Mlamu wanga Enoki, wa makompyuta ku Lilongwe, wapanga tsamba pa intaneti: chithunzi, dzina, nambala yoimbira. Akuti madalaivala ndi achibale a ku Joni aziona pamenepo. Chilichonse chikamveka, alemba pomwepo.

Lachitatu, 5 Ogasiti

Ku kafe ya intaneti ya a Amin pa boma. Kompyuta yake yamakedzana, yolira ngati chigayo. Tsamba latuluka lopindika, mawu akwera pankhope, diso limodzi lokha likuoneka. Ndapsa mtima. Enoki pa foni akuti kwa iye lili bwinobwino, vuto ndi bulawuza ya a Amin, pulogalamu yotsegulira masamba, ndi yakale. Akuti aika timizere tobisika kumutu kwa tsamba, ma meta tagi, touza makina akale ndi atsopano zoti achite. Zobisikazo ine zindithandiza chiyani? Ndikufuna mwamuna wanga.

Lachisanu, 7 Ogasiti

Nkhope yawongoka. Pansi pake: AKUFUNIDWABE. Ndawayang'ana mpaka a Amin andiuza kuti nthawi yatha. Princess wayamba kugona ndi chipewa cha bambo ake.

Lolemba, 10 Ogasiti

Tsamba lomwe lija, mawu omwe aja. Amene asintha ndi anthu. Osintha ndalama pa boda, aphokoso aja, lero ndikudutsa ndi mandasi anga angoti zii. Wina wagula osaseka n'komwe. Enoki sakuyankha foni. Msuweni wa amuna anga wa ku Joni watumiza meseji: "Limbani mtima, alamu." Apongozi atuma munthu, akuti mawa ndisachoke pakhomo, akubwera akuluakulu ochokera kumudzi kwawo kwa Zulu kudzacheza. Kucheza kwanji pakati pa sabata? Ndikuopa.

Lachiwiri, 11 Ogasiti

Sindinawadikire. M'mamawa kwa a Amin. AKUFUNIDWABE. Ndinapumira m'mwamba. Kenaka ndinawaonetsa meseji ya ku Joni. Anakanda mutu. "Mayi, makina akalewa amasunga tsamba lomwe anaona kale. Kamzere kowauza kutenga latsopano mwina sakukamva." Anatenga laputopu yatsopano ya mwana wawo, anatsegula tsamba lija, anawerenga okha. Anaitseka pang'onopang'ono.

"Pitani kunyumba. Wokuuzani si ine."

Ndiye Joni yonse yawerenga, boda yonse yawerenga. Ndatsala ine mwini mwamuna, poti nkhani zotere mkazi sauzidwa pa foni, amadikira akuluakulu akhale pansi kaye.

Ndaima pa mtengo wa mango, kuseri kwa nyumba ya aneba. Afika kale. Njinga zatsamira khoma langa, azimayi ayala mphasa. Princess akuwatulutsira mipando, akumwetulira, akuyesa ndi alendo. Apa ndidakali mkazi wa munthu. Ndikangodutsa mpandawu ndiye kuti